Ng'oma Yolira Sichedwa Kung'ambika

Munthu akafika pa Chimbiya kapena pamphambano ya ku Bembeke m'mawa wa tsiku la msika, nkhungu isanachoke m'mapiri, amayamba kumva nyimbo asanaone nkomwe milu ya mbatata ya kachewere ndi kabichi. Nyimbozo zimachokera m'timagolosale, m'nyumba zoonetsera kanema ndi m'tizipinda momwe anyamata amaikira anzawo nyimbo m'mafoni pa mtengo wochepa. Wakabaza wamangirira kawailesi pa njinga yake, ndipo wosenza matumba watseka makutu ndi timawaya. Zambiri mwa nyimbozi ndi za chamba cha hip-hop, chimene woimba amalakatula mawu mofulumira motsatana ndi kugunda kwa ng'oma.

Chamba chimenechi chidabadwira ku Bronx, mu mzinda wa New York ku America, m'zaka za m'ma 1970, pakati pa achinyamata a m'madera osauka. Kuno ku Malawi chidayamba kumveka kwambiri pambuyo pa chaka cha 1994, pamene nyumba zoulutsira mawu zomwe si zaboma zidayamba kutsegulidwa. Ndipo wailesi ya kanema itabwera mu 1999, achinyamata adayamba kuona ndi maso awo m'mene oimbawo amavalira ndi kuyendera. Lero chambachi chidasanduka chapakhomo. Chimaimbidwa m'Chichewa, ndipo mmodzi wa oimba ake otchuka, Tay Grin, adafika podzitcha Nyau King, natenga zilombo za gule wamkulu kukavina nazo m'makanema ake.

Kugunda kwa ng'oma kulibe mlandu. Koma mwana akakonda woimba satenga nyimbo yokha. Amatenga ndi kavalidwe ndi kalankhulidwe komwe, ndipo nthawi zina amatenganso m'mene woimbayo amaonera akazi. Apa ndi pamene nkhani ya oimba imakhudzira a zaumoyo, pakuti mabala amene nkhanza imasiya amakathera pa benchi ya kuchipatala.

Nyimbo imene idaletsedwa

M'mwezi wa Januwale 2018 dziko lino lidatekeseka ndi nyimbo imodzi ya woimba wachinyamata wa chamba chimenechi, Mwiza Chavura. M'nyimboyo mudali mawu a mwamuna amene akuopseza mkazi womukana kuti adzamugwiririra. Mawuwo sadali ophiphiritsa monga amachitira akuluakulu akafuna kutchula za kuchipinda. Adali osapsatira, ndipo adaikidwa pa ng'oma yoti ngakhale mwana n'kuvina. Nyimboyo idayenda pa intaneti ndi m'mafoni ngati moto wa lupsa m'mwezi wa Okutobala.

Mabungwe omenyera ufulu wa amayi pamodzi ndi anthu ambiri adaidzudzula, nanena kuti ikusandutsa mlandu woopsa kukhala nthabwala. Bungwe la boma loyang'anira zisudzo, makanema ndi nyimbo, la Censorship Board, lomwe lidakhazikitsidwa potsata lamulo la mu 1968, lidailetsa. Woimbayo adapepesa kwa amayi, nanena kuti anthu sadamvetse cholinga chake; koma kupepesako sikudaletse apolisi kumumanga. Adakaonekera kukhoti, ndipo adatulutsidwa pa belo.

Nkoyenera kunena mosabisa kuti Chavura sadaimbidwe mlandu wogwiririra munthu ayi. Mlandu wake udali wa mawu amene adaika m'nyimbo. Munthu angathe kufunsa ngati nkwabwino kumanga woimba chifukwa cha mawu, makamaka akakumbukira m'mene bungwe lomweli linkatsekera alembi ndi oimba pakamwa m'nthawi ya chipani chimodzi. Funsolo nlomveka. Koma namwino ali ndi funso lakelake: kodi mtsikana wa Sitandade 7 amene wagwiriridwa pochokera kuchigayo, namva anzake a m'kalasi akuimba mawu otero uku akuseka, adzalimba mtima kukauza amayi ake?

Anthu a m'mapiri a Dedza sachita kuuzidwa kuti nyimbo ili ndi mphamvu. Kale zigayo zisanachuluke, mayi wozunzika m'banja ankakadandaulira pamtondo. Musi ukugunda, iye n'kumaimba za mwamuna woledzera kapena womana, osatchula dzina, koma mudzi wonse n'kudziwa wonenedwayo, apongozi n'kugwetsa nkhope. Nyimbo idali bwalo la munthu wopanda mphamvu. Choipa cha nyimbo ya mu 2018 chidali chakuti idautembenuza mtondowo chadodolido: woopseza ndiye adatenga nyimbo, woopsezedwa nakhala chete.

Nkhani ya Chavura idali ya mawu. Kutsidya kwa nyanja kudachitika ina imene idali ya manja, ndipo mwini wake sadali woimba wongoyamba kumene, koma mpondamatiki amene anyamata ambiri oimba chamba chimenechi ankalota atafanana naye.

Kukwera kwa Sean Combs

Sean Combs adabadwa pa 4 Novembala 1969 ku Harlem, mu mzinda wa New York. Bambo ake adaphedwa ndi mfuti iye akali kamwana, ndipo adaleredwa ndi amayi ake ku Mount Vernon. Adaphunzirako pa yunivesite ya Howard ku Washington koma sadamalize. Adasiya sukulu nakayamba ntchito yotumikira pa kampani yojambula nyimbo ya Uptown Records, komwe khama lake lidamukweza msanga kufikira pokhala wosankha ndi kukonza oimba, Mary J. Blige ndi mmodzi wa amene adadutsa m'manja mwake. Atachotsedwa ntchito mu 1993, adayambitsa kampani yakeyake, Bad Boy Records, natenga mnyamata wa ku Brooklyn, Christopher Wallace, wodziwika ndi dzina loti The Notorious B.I.G., amene adadzakhala mmodzi wa akatswiri otchuka koposa a chamba chimenechi.

Kuti nkhaniyi imveke bwino mpofunika kudziwa kuti mwini kampani yotere ndi munthu wotani. Iye ali ngati mwini chigayo chokhacho m'dera lonse, amenenso ali ndi lole yokhayo yopita kumsika. Ndiye amasankha woti ajambulidwe, amalipira nyumba yojambulira, amanena tsiku loti chimbale chituluke kapena chisatuluke konse, ndipo ndalama zimadzera kwa iye zisanafike kwa woimba. Wachinyamata waluso akasainirana naye pangano, tsogolo lake lonse limakhala m'thumba mwa munthu mmodzi.

Wallace adawomberedwa nafa ku Los Angeles pa 9 Malichi 1997. Chaka chomwecho Combs, pa dzina loti Puff Daddy, adatulutsa chimbale chake chotchedwa No Way Out, chimene chidagulidwa ndi anthu mamiliyoni ndi kulandira mphotho ya Grammy mu 1998. Kuchokera pamenepo chilichonse chimene adagwira chidabala ndalama. Mu 1998 adayambitsa kampani ya zovala ya Sean John; mu 2007 adapangana ndi kampani ya Diageo kuti azitsatsa mowa waukali wotchedwa Cîroc; mu 2013 adatsegula wailesi ya kanema ya Revolt. Maina ankasintha ngati malaya: Puff Daddy, P. Diddy, kenaka Diddy. Kumadyerero ake, komwe oitanidwa onse ankavala zoyera, kunkasonkhana oimba, akatswiri a mafilimu ndi eni chuma. Mu 2014 yunivesite ya Howard, yomwe adaisiyira panjira, idamupatsa digiri yaulemu, ndipo mu Sepitembala 2023 meya wa New York, Eric Adams, adamupatsa kiyi wa mzindawo, umene ndi ulemu woperekedwa kwa nzika zolemekezeka.

Komatu mitambo idayamba kuoneka kale. Mu Disembala 1991 anthu 9 adafa poponderezana pa masewera amene iye adakonza nawo pa City College ku New York. Mu Disembala 1999 mfuti zidalira m'nyumba ina yachisangalalo momwe iye adali, ndipo anthu atatu adavulala; khoti lidamupeza wosalakwa mu 2001, koma woimba wake wachinyamata, Shyne, adagamulidwa kukakhala m'ndende zaka 10. Anthu adaona, adamva, napitiriza kuvina.

Zaka 8 za kanema wobisika

Casandra Ventura, woimba wodziwika ndi dzina loti Cassie, adakumana ndi Combs ali ndi zaka 19, mwamunayo ali wamkulu kwa iye ndi zaka pafupifupi 17. Adasaina pangano la zimbale 10 ndi kampani ya Bad Boy, koma chidatuluka chimodzi chokha, mu 2006. Awiriwa adakhala paubwenzi kwa zaka zoposa 10, kufikira mu 2018.

Pa 16 Novembala 2023 Ventura adakasuma kukhoti, ponena kuti Combs ankamumenya, adamugwiririra, ndipo ankamukakamiza kugona ndi amuna olipidwa iye akuonerera. Combs adakana zonsezo, ndipo tsiku lotsatira awiriwo adathetsa mlanduwo kunja kwa khoti. Ventura adadzanena pambuyo pake kuti adalandira madola 20 miliyoni. Ngati cholinga chidali kutseka chitseko, chitsekocho sichidatsekeke. Anthu ena ambiri, akazi ndi amuna omwe, adayamba kusuma nawo, ndipo iye adapitiriza kukana.

Pa 17 Meyi 2024 wailesi ya kanema ya CNN idaonetsa zithunzi zojambulidwa ndi makamera achitetezo a hotela ina ya ku Los Angeles mu Malichi 2016. Zidaonetsa Ventura akuchoka ndi katundu wake, Combs atangomanga thaulo m'chiuno akumuthamangira, kumugwetsa pansi, kumuponda ali chigonere ndi kumukhwekhwereza. Patapita masiku awiri munthu yemwe uja adakana zonse adapepesa poyera, navomereza kuti zimene adachitazo zidali zonyansa. Kanemayo adakhala wobisika zaka 8. Mlonda wina wa pahotelapo adadzauza khoti kuti Combs adapereka madola 100,000 kuti kanemayo aperekedwe kwa iye.

Ulemu udayoyoka ngati masamba a m'chilimwe. Mu Juni 2024 yunivesite ya Howard idalanda digiri yake ija, ndipo meya adaitanitsa kiyi wa mzinda. Pa 16 Sepitembala 2024 Combs adamangidwa ku New York, ndipo khoti lidamukaniza belo kangapo konse.

Mlandu udayamba kuzengedwa mu Meyi 2025. Ventura adaperekera umboni masiku anayi ali ndi pakati potopa, ndipo mboni za boma zonse pamodzi zidali 34. Maloya a Combs sadakane kuti munthu wawoyo adali wankhanza kwa akazi ake. Chimene adatsutsa nchakuti nkhanzazo ndi zogonanazo sizidali milandu imene boma lidamuimba, ponena kuti akaziwo ankachita mwa kufuna kwawo. Pa 2 Julayi 2025 gulu la anthu 12 ogamula lidamupeza wosalakwa pa milandu ikuluikulu, wotsogolera gulu lochita zaupandu ndi wokakamiza anthu kuchita malonda a chiwerewere, koma lidamupeza wolakwa pa milandu iwiri yonyamula anthu kuwadutsitsa malire a zigawo kukachita uhule. Pa 3 Okutobala 2025 woweruza Arun Subramanian adamugamula kukakhala m'ndende miyezi 50 ndi kulipira chindapusa cha madola 500,000. Iye adachita apilo.

Nanga kumenya kwa muhotela kuja, kumene dziko lonse lidaona ndi maso? Oimira boma pa milandu ku Los Angeles adanena kuti nthawi imene lamulo la kumeneko limalola kuzenga mlandu wotero idali itatha kale. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo sanama; koma umboni umaola, mabala amapola, ndipo mboni zimaiwala kapena kugulidwa.

Nanga sadachoke bwanji?

Nkhani yotere ikasimbidwa pa benchi ya kusikelo sipalephera kupezeka wofunsa kuti, nanga mkaziyo sadachoke bwanji zaka zonsezo? Funso lomweli limafunsidwa za amayi a ku Lobi, ku Mayani ndi ku Linthipe, ndipo yankho lake silisiyana kwenikweni. Womenyayo ndi yemweyo amene wasunga nkhokwe. Kwa Ventura adali mwini kampani, wolipira nyumba, ndiponso, monga adauzira khoti, wosunga makanema amene ankamuopseza kuti awaulutsa. Kwa mayi wa kumapiri angakhale mwamuna wogula feteleza wa kudimba, kapena wamalonda amene amamukongoza ndalama podikira kukumba kachewere, kapena mkulu wina wolipirira mwana fizi. Ndipo omuzungulira bwanayo, amene amadya naye mbale imodzi, amaona koma amayang'ana kumbali.

Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa amayi a zaka 15 mpaka 49 m'dziko muno, mmodzi mwa atatu alionse adamenyedwapo chifikire zaka 15, ndipo mmodzi mwa asanu adachitidwapo nkhanza yokhudza kugonana. Pafupifupi theka la ochitidwa nkhanzawo sadapemphe thandizo kapena kuuzako munthu wina aliyense.

Mtsikana pachinamwali ndi paukwati amalangizidwa kuti banja ndi kupirira, ndi kuti za m'nyumba sazitulutsa kubwalo. Malangizowa adali ndi malo ake. Ankanena za kusowa kwa ndiwo ndi za kusemphana mawu kwa masiku onse. Sankanena za nthiti yothyoka. Ndiponso m'midzi ya chikamwini, momwe mkazi amakhala pakati pa abale ake, mwambo womwewo udaika malume, mwini mbumba, kuti ateteze alongo ake ndi ana awo, ndipo mkamwini wankhanza ankauzidwa kuti aone msana wa njira. Malume amene lero amakhala chete chifukwa mkamwiniyo adamugulira malata sakusunga mwambo, akuugulitsa.

Asanagamulidwe, Combs adalembera woweruza kalata momwe adanena za mankhwala ozunguza bongo amene adamusokoneza. Mawu otero ngodziwika ngakhale kuno, komwe mwamuna m'mawa amati udali mowa. Nzoona kuti kachasu ndi fodya wamkulu zimachotsa manyazi ndi kuonjezera ukali, ndipo amene zamulowerera ayenera kukapempha thandizo kuchipatala. Koma woledzera yemweyo saponda mfumu kapena wapolisi. Amadziwa kusankha woti amumenye.

Zimene lamulo limanena

Chiyambire chaka cha 2006 dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja, limene limapatsa khoti mphamvu yolamula wankhanza kuti aleke kuzunza, ngakhale kuti achoke panyumba. Kugwiririra ndi mlandu umene chilango chake chimatha kufika pokhala m'ndende moyo wonse. Mu 2015 lamulo la maukwati lidaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti mwana akhale aliyense wosafika zaka 18. Mlandu wogwiririra kapena wogona ndi mwana si wa ankhoswe, si wa nyakwawa, ndipo sutha ndi mbuzi kapena nkhuku. Akuluakulu a mudzi angatonthoze banja ndi kuliperekeza kupolisi, koma alibe mphamvu youthetsa pansi pa mtengo.

Boma la Dedza lidaonapo mfumu imene idamvetsa zimenezi. Inkosi Theresa Kachindamoto, ya kumunsi kwa mapiri ku Mtakataka, imene idamwalira mu Ogasiti 2025, idathetsa maukwati a ana oposa 850 pofika chaka cha 2016, nibwezera ambiri mwa anawo kusukulu, ndipo idaimitsa paudindo mafumu ang'onoang'ono amene ankavomereza maukwati otero. Idachita zimenezi makolo ena akuidandaula ndi kuiopseza.

Kupolisi kuli nthambi yothandiza ochitidwa nkhanza, ya Victim Support Unit, ndipo paboma pali ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. M'zipatala zikuluzikulu ndi zina za m'maboma muli malo otchedwa One Stop Centre, kapena kuti Chikwanekwane, momwe dokotala, wapolisi ndi mlangizi amapezeka pamalo amodzi kuti wovutikayo asamasimbe nkhani yake khomo ndi khomo. Nkhanza yochitikira mwana ingathe kunenedwa poimba nambala yaulere ya 116.

Maola 72

Munthu wogwiriridwa, kaya ndi mwana, mayi kapena mwamuna, ayenera kufika kuchipatala msanga, pakuti mankhwala ena amathandiza pokhapokha ayambidwe nthawi isanathe. Chithandizo cha mankhwala sichiyenera kudikira kuti abale ayambe akhala pansi, kapena kuti kalata ya kupolisi iyambe yalembedwa.

Oyamba ndi mankhwala otchedwa PEP, amene amateteza munthu kuti asatenge kachirombo ka HIV. Ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu, ndipo amagwira bwino koposa akayambidwa tsiku loyamba lomwelo. Amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa masiku 28 osadumphitsa. Ena amamva mseru kapena kufooka m'masiku oyamba; chimenecho si chifukwa chosiyira, koma chobwererera kwa dokotala kukafotokoza. A chipatala amayeza magazi poyamba, ndipo amaitananso munthuyo kudzayezedwa pambuyo pake.

Achiwiri ndi mapiritsi oletsa kutenga pakati pangozi. Mphamvu yake njaikulu akamwedwa m'masiku atatu oyamba, ngakhale angaperekedwe kufikira tsiku lachisanu. Sachotsa mimba imene ilipo kale. Amaletsa kuti isakhalepo. Kuonjezera apo pali mankhwala oteteza ku chindoko, chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana, ndi jekeseni ya kafumbata ngati pali mabala. M'zipatala za boma zonsezi nzaulere.

Munthu amene zamuchitikira zoterezi amafuna kusamba ndi kutaya zovala zake, ndipo palibe angamudzudzule. Koma ngati nkotheka ndi bwino kufika kuchipatala asanasambe, atatenga zovala zimene adavala zosachapa, zokulungidwa m'pepala kapena m'nsalu youma, osati m'jumbo ya pulasitiki momwe chinyontho chimaononga umboni. Amene wasamba kale apitebe. Chimodzimodzinso amene masiku atatu amupitirira: matenda ena angachizidwebe, ndipo kusowa tulo, mantha, kulota zoopsa ndi maganizo ofuna kudzipha ndi matenda amene a chipatala amawadziwa ndi kuwathandiza. Dokotala amalemba zonse zimene waona, ndipo chikalata chimenecho ndicho chimakalankhula kukhoti patapita miyezi, mabala atapola. Muhotela ya ku Los Angeles mudali kamera. M'nyumba ya kwa Kasumbu kapena kwa Kaphuka mulibe, ndipo chotsala ndi zimene dokotala adalemba tsikulo.

Kumenyedwa nako kuli ndi zoopsa zimene sizioneka ndi maso. Womenyedwa m'mutu amene akusanza, kuodzera kosalekeza, kusokonezeka kapena kumva mutu ukunka nuwawirawira angakhale akutaya magazi m'kati mwa chigaza, ndipo asadikire kuti kuche. Khofi la pakhutu limatha kuboola nembanemba ya m'kati. Khutu lotero lisathiridwe mafuta kapena mankhwala a zitsamba. Wokanyangidwa pakhosi aonedwe ndi dokotala ngakhale palibe bala, makamaka ngati mawu asasa kapena akuvutika kumeza ndi kupuma, pakuti kutupa kwa m'kati kumatha kudza patapita maola. Ndipo mwamuna amene wafika pokanyanga mkazi pakhosi ali pafupi kupha. Mayi woyembekezera amene wamenyedwa kapena kupondedwa pamimba apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti nsengwa imatha kulekana ndi chiberekero mwana asanabadwe. Kutaya magazi, kupweteka kwa m'mimba kosaleka kapena kusiya kugunda kwa mwana ndi zizindikiro zofunika kuthamanga nazo ngakhale usiku.

Namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi akafunsa za bala, amafunsira kuthandiza, ndipo ntchito yake imamulamula kusunga chinsinsi cha wodwala. Mayi amene akuopa kulankhula pamaso pa womuperekeza ali ndi ufulu wopempha kuti aonane ndi namwino payekha. Ambiri amati adagwa pokatunga madzi kapena adagundidwa ndi chitseko. Namwino amene wagwira ntchito zaka zambiri amalidziwa bala la chitseko, koma sangalembe zimene sadauzidwe.

M'mapiri a Dedza njira nzokwera, ndipo m'dzinja milatho ina imadutsika movutikira. Chipatala chaching'ono chikapanda kukhala ndi mankhwala ena tsikulo, wodwala amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha paboma, ndipo ulendo umenewo nawo umadya maola. Nchifukwa chake woperekeza ayenera kuwerenga nthawi kuyambira pamene chinthucho chidachitika, osati pamene chidaululidwa. Ngati chidachitika Lachisanu usiku pochokera kudansi, maola 72 amatha Lolemba usiku. Ndipo chipatala cha paboma chimalandira odwala mwadzidzidzi Loweruka ndi Lamulungu lomwe.